ZILEMBO ZA BODONI: ZIMAKOMA PA DZINA, ZIMASOWA PA FOTOKOPIYA

Nyengo yokolola ikatha, ndalama za fodya ndi mbatata ya kachewere zikalowa m'matumba, m'midzi ndi m'matauni mumayamba zinkhoswe, maukwati ndi kumanga ziliza. Imeneyi ndiyo nthawi imene anyamata a makompyuta ndi makina a fotokopiya ku Ulongwe, ku Tete ngakhalenso ku Lichinga sapeza mpata wopuma, pakuti aliyense amafuna konviti yaukwati, pepala la ndondomeko ya mwambo kapena chikwangwani cha pa baraka yake yatsopano. Mwini ntchito amaima kumbuyo kwa mnyamatayo, mitundu ya zilembo n'kumadutsa pagalasi, ndipo nthawi zambiri chala chake chimakaima pa mtundu wina wooneka waulemu kuposa inzake: zilembo zowongoka, zonenepa mbali ina koma zowonda ngati tsitsi mbali inayo.

Zilembo zimenezi zili ndi eni ake. Pa kompyuta zimapezeka ndi maina awiri otchuka, Bodoni ndi Didot, omwe ndi maina a amisiri amene anazisema pa chitsulo zaka zoposa 200 zapitazo, wina ku Italy, wina ku France. Amisiriwo ankadziwa bwino malo amene zilembo zawo zimakoma ndi malo amene zimakanika. Munthu wozisankha lero asakudziwa zimenezi akhoza kutaya mametikali ambiri n'kulandira konviti imene agogo a mkwatibwi sangathe kuwerengapo tsiku laukwati.

NSICHI NDI MBALIRO

Amene anamangapo nyumba yamitengo savutika kumvetsa kapangidwe ka zilembozi. Mizere yoimirira ili ngati nsichi: yonenepa, yakuda bii ndiponso yowongoka. Mizere yopingasa ili ngati mbaliro, koma mbaliro zake n'zowonda kwambiri moti pena zimangooneka ngati ulusi. Pa chilembo cha H pali nsichi ziwiri zolumikizidwa ndi kaulusi kamodzi. Pa O, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere n'zonenepa mofanana, pamene pamwamba ndi pansi m'powonda. Kumapeto kwa nsichi iliyonse kuli kamzere kopingasa konga kaphazi, kamene osindikiza amakatcha serif, ndipo pa zilembo zimenezi kaphaziko n'kathyathyathya, kamakumana ndi nsichi pafupifupi popanda kukhota. Zilembo monga a, c, f, r ndi y zimathera ndi kadontho kobulungira ngati njere ya mapira.

Kusiyana kwakukulu pakati pa mzere wonenepa ndi wowonda ndiko kumazipatsa ulemu wake, ndipo kunachokera ku dzanja la mlembi. Kale zilembo za m'mabuku a ku Ulaya zinkatsanzira nthenga yolembera yodulidwa motambalala kunsonga, imene mlembi ankaigwira mopendekera. N'chifukwa chake kunenepa kwa zilembo zakalezo kunali kopendekeranso, ndipo mzere wowonda sunkawonda kwenikweni. Pofika zaka za m'ma 1700, alembi ambiri anali atayamba kukonda nthenga yosongoka, imene imatambasuka munthu akaikanikiza potsika, n'kusiya kamzere kowonda akaipeputsa pokwera.

Bambo John Baskerville a ku Birmingham ku England, amene poyamba anali mphunzitsi wa kalembedwe ndiponso wozokota miyala ya pamanda, ndiwo anayamba kuonetsa kusiyanaku pa zilembo zosindikizira, makamaka m'buku la ndakatulo za Virgil limene anatulutsa m'chaka cha 1757. Njira imene iwo analambula, Bodoni ndi Didot anaiyenda mpaka kumapeto.

MWANA WA MSINDIKIZI

Giambattista Bodoni anabadwa m'chaka cha 1740 ku Saluzzo, kumpoto kwa dziko la Italy, m'banja la osindikiza mabuku. Ali ndi zaka 18 anapita ku Roma, kumene analembedwa ntchito m'nyumba yosindikizira mabuku ya Propaganda Fide, nthambi ya Mpingo wa Katolika yoona za umishoni. Nyumbayi inkasindikiza mabuku m'zilankhulo zambiri, ndipo mnyamatayo anapatsidwa ntchito yosanja zidindo zakale za zilembo za Chiarabu ndi za zilankhulo zina za Kum'mawa. Apa m'pamene dzanja lake linazolowera chitsulo.

Masiku amenewo chilembo chilichonse ankachisema pamanja, chotembenuzidwa, kunsonga kwa kachitsulo kolimba. Chidindo chimenechi ankachikhomera pa mkuwa kuti chisiye chikombole, ndipo m'chikombolemo ankathiramo mtovu wosungunula wosakaniza ndi zitsulo zina. Mtovuwo ukauma, ankatulutsa kachilembo kamodzi, monga mmene woumba amatulutsira njerwa. Kuti tsamba limodzi la buku lidzaze, pankafunika tizilembo totere zikwizikwi, tondandalika pamanja kamodzikamodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi sinali ya munthu wopupuluma.

M'chaka cha 1766 Bodoni anachoka ku Roma ndi cholinga chopita ku England, dziko la Baskerville, koma malungo anam'gwira asanatuluke m'dziko lake ndipo ulendowo unathera pomwepo. Patapita zaka ziwiri, m'chaka cha 1768, Ferdinando, wolamulira dera la Parma, anamuitana kuti akatsogolere nyumba yosindikizira mabuku ya boma lake. Mkuluyu anakhala ku Parma zaka 45 mpaka imfa yake m'chaka cha 1813. Poyamba ankagwiritsa ntchito zilembo zogula ku Paris, koma kenako anayamba kusema zake, ndipo chaka ndi chaka mbaliro zake zinkanka ziwonderawondera.

M'chaka cha 1806 anasindikiza pemphero la Atate Wathu m'zilankhulo 155 m'buku limodzi. Atamwalira, mkazi wake, mayi Margherita Dall'Aglio, anapitiriza ntchito, ndipo m'chaka cha 1818 anatulutsa buku lalikulu la magawo awiri lotchedwa Manuale Tipografico, losonyeza zilembo zimene malemuwo anasema: mitundu 142 ya zilembo zathu zino, kuphatikizapo za Chigiriki, Chiheberi, Chirasha, Chiarabu ndi zina. M'mawu oyamba a bukulo Bodoni anatchula zinthu zinayi zimene chilembo chabwino chiyenera kukhala nazo: kufanana ndi zinzake, kusalala, kusankhidwa mwanzeru ndi kukongola kosakakamiza. Zida zake zikusungidwabe ku Parma m'nyumba ya Museo Bodoniano, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1963, ndipo muli zidindo zoposa 20,000 ndi zikombole zoposa 40,000.

DIDOT NDI BUKU LA CAMÕES

Pamene Bodoni ankasema ku Parma, ku Paris kunali banja la Didot limene linkapikisana naye. Firmin Didot, amene anabadwa m'chaka cha 1764 n'kumwalira mu 1836, ndiye ankasema zilembo, ndipo mkulu wake Pierre ankasindikiza nazo mabuku. Zilembo zake zoyamba za mtundu umenewu zinaoneka cha m'ma 1784, ndipo mbaliro zake zinali zowonda ndi zowongoka kuposa za Bodoni. Bambo awo, François-Ambroise Didot, ndiwo analimbikitsa ku France kupanga pepala losalala lopanda mizere, pakuti kamzere konga tsitsi sikangatuluke bwino pa pepala lokakala. Zilembozi zinabadwira pamodzi ndi pepala labwino, inki yakuda bwino ndi makina okanikiza mofanana paliponse, ndipo mpaka lero zimafuna zinthu zitatu zimenezi.

Amene anaphunzira Chipwitikizi kusukulu amalidziwa dzina la Luís de Camões, mlakatuli amene anakhala pa Ilha de Moçambique ali paumphawi pakati pa 1567 ndi 1569, pobwerera kwawo kuchokera ku India. Buku lake la Os Lusíadas linatuluka koyamba ku Lisboa m'chaka cha 1572. M'chaka cha 1817 Mpwitikizi wina wolemera, Morgado de Mateus, anafuna kuti bukuli lisindikizidwe mwaulemu woposa kale lonse, ndipo anapita nalo ku Paris kwa Firmin Didot. Anasindikiza makope ochepa ndi ndalama zake, osati ogulitsa, koma ogawira mafumu ndi nyumba zosungira mabuku. Nthawi imeneyo ku Mozambique kunalibe makina osindikizira. Oyamba anafika pachilumba chomwecho m'chaka cha 1854, n'kutulutsa nyuzipepala ya boma, Boletim do Governo, pa 13 Meyi.

Popeza ntchito ya amisiri awiriwa inali yofanana, m'chaka cha 1954 katswiri wa ku France, Maximilien Vox, poika zilembo zonse m'magulu, analumikiza maina awo n'kutcha gulu lonseli kuti Didone.

CHINSINSI CHILI PA MSINKHU

Osindikiza amayeza msinkhu wa zilembo ndi mapointi. Mapointi 72 amakwana pafupifupi masentimita awiri ndi theka, ndipo nkhani za m'mabuku ndi m'nyuzipepala zimalembedwa ndi zilembo za mapointi 9 mpaka 12. Nthawi ya Bodoni msinkhu uliwonse unkasemedwa pawokha. Posema chilembo chachikulu, mmisiri ankawondetsa mbaliro mmene angathere, chifukwa ankadziwa kuti ziziwoneka ndithu. Posema chaching'ono, ankazinenepetsa, n'kutakasa chilembocho ndi kuchitalikitsa pang'ono ndi chinzake. Choncho zilembo za Bodoni za m'kati mwa buku sizinali zowonda ngati za pachikuto.

Zinthu zinasintha pamene kunabwera makina okulitsa ndi kuchepetsa chojambula chimodzi, ndipo kompyuta inafikitsa zimenezi pachimake. Lero mnyamata wa pa fotokopiya akasankha Bodoni n'kutsitsa msinkhu kuchoka pa 60 kufika pa 9, kompyuta imachepetsa zonse mofanana, nsichi ndi mbaliro zomwe. Kamzere kamene kanali ulusi kamasanduka ndodo ya kangaude.

Akatswiri ena anaona vutoli n'kubwerera ku nzeru yakale. M'chaka cha 1991 Jonathan Hoefler wa ku New York anayamba kujambulira magazini ya Harper's Bazaar zilembo za Didot m'misinkhu isanu ndi iwiri yosiyana, kuyambira mapointi 6 mpaka 96, kuti mbaliro zizioneka zowonda moyenera pa msinkhu uliwonse. M'chaka cha 1994 gulu lotsogoleredwa ndi Sumner Stone, litapita ku Parma kukaona zida zenizeni za Bodoni, linatulutsa ITC Bodoni m'misinkhu itatu: 6, 12 ndi 72. Tsono munthu akaona dzina loti Bodoni 72 pa kompyuta ya Apple, adziwe kuti nambalayo siyokometsera ayi, ikumuuza kuti zilembozo anazijambulira mitu ikuluikulu. Chimodzimodzi ndi Playfair Display, wachibale wa zilembozi amene Claus Eggers Sørensen wa ku Denmark anatulutsa m'chaka cha 2011 ndipo amapezeka mwaulere pa intaneti: liwu lachiwirilo limatanthauza kuti n'zoonetsera patali, osati zolembera nkhani yaitali.

KUMENE ZIMAPEZA ULEMU

Malo amene zilembozi zinatchukirapo kwambiri ndi magazini a zovala. Alexey Brodovitch, amene ankayang'anira kaonekedwe ka Harper's Bazaar kuyambira 1934 mpaka 1958, ankazikonda kwambiri, ndipo magazini ya Vogue yakhala ikulemba dzina lake ndi zilembo za mtundu wa Didot kuyambira m'chaka cha 1955. Maina a makampani a zovala monga Giorgio Armani ndi Zara amalembedwanso ndi zilembo za gulu lomweli, ndipo amene amasankha zovala pa kaunjika amakumana nazo pa tinsalu ta m'khosi. Zimapezekanso pa mabotolo a mafuta onunkhira ndi a vinyo. Nyuzipepala ya Washington Post ku America imalemba nazo mitu ya nkhani, koma nkhani zenizenizo imalemba ndi zilembo zina zolimba.

M'malo onsewa muli zinthu zofanana. Mawu amakhala ochepa, limodzi kapena awiri. Zilembo zimakhala zazikulu. Pepala limakhala losalala, ndipo mawuwo amawasiyira bwalo loyera mbali zonse. Bodoni mwini wake ankachita chimodzimodzi: masamba ake anali ndi mpata waukulu m'mphepete ndi pakati pa mizere, ndipo pamene ankakula anasiya kudzaza masambawo ndi maluwa ndi zokometsera zina.

KUMENE ZIMAKANIKA

Si onse amene anazikonda. William Morris, msindikizi wa ku England wa zaka za m'ma 1890, anazinyoza kuti palibe zilembo zovuta kuwerenga kuposa za Bodoni. Ananena mokokomeza, koma panali mfundo. Munthu akamawerenga tsamba lodzaza ndi tizilembo totere, diso limangoona nsichi zakuda zondondozana ngati mpanda, osaona timizere tozilumikiza. Chichewa chili ndi mawu ambiri odzaza ndi m, n ndi u, monga mwamuna, kumunamiza ndi amamumvera, ndipo mbaliro zikasowa, mawu oterewa amasanduka mpanda weniweni.

Makina a fotokopiya ndiwo mdani wamkulu. Inki yake ikayamba kuchepa, kapena akajambula kope kuchokera ku kope linzake, kamzere kowonda ndiko kamayamba kuduka. Chilembo cha e chikataya kamzere kake chimaoneka ngati c. Cha t chikataya kake chimafanana ndi l, ndipo mutu umasanduka mulu, kutola n'kukhala kulola. Pa manambala m'pamene pali ngozi yeniyeni, pakuti 4 ali ndi nsichi imodzi yokha ndipo zina zonse ndi ulusi. Ulusiwo ukaduka, 4 amafanana ndi 1, ndipo ukwati wa pa 14 umaoneka ngati wa pa 11. Pa konviti zimenezi zingathe ndi kuseka, koma pa chikalata cholengeza tsiku la katemera, pa pepala lofotokoza kamwedwe ka mankhwala kapena pa nambala ya foni, kulakwitsa kotere kumapweteka munthu.

Vuto lomweli limapezeka m'malo ena. Polemba mawu oyera pa pepala lakuda, inki imasefukira n'kukwirira timizere towonda. Pa chikwangwani cha penti chokhala padzuwa ndi pamvula, mbali zowonda ndizo zimayamba kufufutika, ndipo pa zilembo zapulasitiki zomata, ndizo zimayamba kumatuka. Pa mwala wa chiliza, mzere wowonda suzokoteka mozama, choncho pakapita zaka dzina la malemu limatsala nsichi zokhazokha. Chithunzi cha konviti chikatumizidwa pa WhatsApp chimachepetsedwa, ndipo pa kagalasi ka foni timizereto timazilala. N'chifukwa chake zikwangwani za pamsewu zimalembedwa ndi zilembo zonenepa mofanana paliponse, zimene woyendetsa galimoto amaziwerenga ali patali.

ZOYENERA KUCHITA

Wofuna konviti kapena chikwangwani asaope zilembozi, koma azipatse malo ake. Maina a mkwati ndi mkwatibwi, dzina la malemu pachikuto cha ndondomeko ya maliro kapena dzina la sitolo pa pepala labwino, alembe ndi Bodoni kapena Didot, pa msinkhu wa mapointi 24 kupita m'mwamba, ndipo asiye mpata wokwanira mbali zonse. Tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya foni alembe ndi zilembo wamba zolimba, monga Arial kapena Georgia. Mitundu iwiri ya zilembo pa pepala limodzi ndi yokwana. Mnyamata wa pa kompyuta asakoke zilembozo kuti zitalike kapena zifupike pofuna kuzikwanitsa pamzere, popeza kukoka kumanenepetsa mbali zimene mmisiri anawondetsa dala.

Aonenso ngati mtundu umene wasankha uli ndi zilembo zonse zofunika. Ina ilibe ŵ, chimene ena amalemba m'mawu monga Malaŵi, ndipo ina ilibe ã kapena ç za m'maina a Chipwitikizi monga João ndi Conceição. Zikasowa, kompyuta imabwereka chilembo ku mtundu wina, ndipo chimaonekera ngati chigamba pa kapulana yatsopano.

Amisiri olemba zikwangwani ndi burashi akumbukire kuti kunenepa kwa mizere kuli ndi lamulo lake. Pa A, mwendo wa kumanzere ndi wowonda, wa kumanja ndi wonenepa. Pa V ndi pa U, wonenepa ndi wa kumanzere. Pa N, miyendo iwiri yoimirira ndi yowonda, ndipo mzere wopendekera wapakati ndiwo wonenepa. Akatembenuza zimenezi, ngakhale munthu wosadziwa za zilembo amaona kuti penapake palakwika. Pa khoma ndi pa mwala ndi bwino kunenepetsako mbaliro kusiyana ndi mmene zikuonekera pa kompyuta, monga Bodoni ankachitira ndi zilembo zake zazing'ono.

Chomaliza ndi chosavuta ndipo mtengo wake ndi wa pepala limodzi. Asanalipire makope 200, mwini ukwati asindikize kope limodzi, alijambule pa makina omwewo amene adzajambulire onse, kenako apite nalo kwa agogo kapena kwa ankhoswe achikulire madzulo, nyali itayatsidwa. Akawerenga maina, tsiku ndi malo popanda kufunsa, ntchito ipitirire. Akayamba kulitalikitsa ndi kuliyandikitsa kumaso, abwerere nalo kwa mnyamata wa kompyuta akasinthe zilembo za tsikulo.